Kodi munthu waulumali alipire kuti aone njovu?

Dera la Mfumu Kapelula lili pakati pa nkhalango ziwiri zazikulu za dziko lino. Kumadzulo, ukapitirira boma la Kasungu n'kulunjika kumalire ndi Zambia, kuli paki ya Kasungu, imene anthu amangoti ku Gemu. Kum'mawa, kumene mtsinje wa Bua umatsikira kunyanja, kuli nkhalango ya Nkhotakota. Pakati pa ziwirizi ndi dziko la fodya: nazale kudambo, zigafa kuseri kwa nyumba, mabelo odikira lole ya ku Chinkhoma, ndi mitengo yachilengedwe yotsala apa ndi apo, makamaka kumanda. Pa ntchito ya fodya munthu waulumali sasiyidwa kunja. Amene miyendo yake siyenda amakhala pamphasa n'kumasoka masamba tsiku lonse, ndipo nthawi yogiredi ikafika zala zake zimada ndi utomoni mofanana ndi za aliyense. Pa thukuta timamuwerengera. Chofunika kufunsa n'chakuti kodi pa zokoma za dzikoli timamuwerengeranso, ndipo funsoli likuoneka bwino pa kanthu kakang'ono: munthu amene ali ndi ulumali wa moyo wonse azilipira pachipata cha paki, kapena azilowa ulere? Ine ndikuti azilowa ulere, iye pamodzi ndi womuthandiza mmodzi, ndipo chifukwa chake si chisoni. Ndi ngongole imene tili nayo kwa iye.

Ganizoli si lachilendo padziko lapansi. Ku United States boma limapereka chiphaso chotchedwa Access Pass kwa nzika iliyonse, kapena wokhala m'dzikomo mokhazikika, amene ali ndi ulumali wosatha. Chiphasocho n'cha moyo wonse, chimatsekula zipata za malo aboma oposa 2,000, ndipo kumene amalipiritsa potengera galimoto, onse amene ali m'galimoto la mwini chiphaso amalowa naye. N'zosavuta kunena kuti amenewo ndi olemera, tisadzifanizire nawo. Koma malamulo athu omwe analoza kale njira yomweyo. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 13, amalamula boma kuti litsekulire anthu aulumali malo ofikako anthu onse, ndipo gawo 20 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali, limene gawo lake la 30 limatchula mwachindunji masewera, kupumula ndi malo okopa alendo. Kunabwera lamulo la anthu aulumali la 2012, kenaka la 2024 limene linasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 10.4 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina wake, kutanthauza anthu oposa 1.5 miliyoni. Mapepala tili nawo okwanira. Chimene chimasowa ndi kukhutira mumtima kuti zolembedwazo n'zoona, ndipo kukhutira kumeneko sikuchokera ku Nyumba ya Malamulo.

Tiyambe n'kufunsa kuti paki ndi ya yani. Nkhalango ya Kasungu siinayambe ili yopanda anthu. Atsamunda anaipatula mu 1922, pamene midzi inasamutsidwa chifukwa cha matenda a kaodzera amene amafala ndi kashembe. Mu 1930 inakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970, mu ulamuliro wa Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu komweko, inakhala paki. M'katimo muli ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo, ndi zojambula pamiyala za anthu amene anakhalako makolowo asanafike. Malo oposa masikweya kilomita 2,000 amenewa anthu anawasiya, ena mosafuna, kuti akhale a mtundu wonse ndi a ana osabadwa. Ngati zili choncho, ndalama ya pachipata si mtengo wa katundu ngati wa m'golosale, pakuti munthu sagula chinthu chake chomwe. Ndi chopereka chimene eni ake amasonkherana kuti chuma chawo chisamalidwe. Boma lomwe limavomereza zimenezi popanda kunena, chifukwa Mmalawi amalipira zochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wochokera kunja, pomwe njovu imene onse awiri akuiyang'ana ndi imodzi. Mtengo wa pachipata umatsata kale kuti munthuyo ndani ndipo angathe zotani. Tikungofunsa kuti mfundo imeneyi ifike pomwe iyenera kufika.

Kumudzi nkhani ya chopereka siivuta kuimva. Maliro akagwa, nyakwawa imayendetsa uthenga kuti khomo lililonse litulutse ufa ndi nkhuni, koma palibe amene amakagogoda pakhomo pa agogo osaona kuti nawonso apereke mbale yawo, ndipo palibenso amene amawaletsa kukhala pasiwa kapena kudya nsima ya pamaliro. Kusapereka kwawo sikuwachotsa m'mudzi, ndipo iwo sachita manyazi, chifukwa aliyense akudziwa kuti chopereka chimayezedwa ndi mphamvu za khomo.

Chipembedzo chimapita patali kuposa apa. Ayuda, Akhristu ndi Asilamu amagwirizana kuti mwini dziko ndi Mulungu, ndipo munthu ndi wosunga chabe. M'buku la Levitiko, chaputala 19, muli lamulo loti mwini munda asakolole mpaka m'mphepete ndiponso asabwerere kukatola zotsala, kuti osauka ndi alendo akunkhe. Tiyang'anitsitse mmene lamuloli linapangidwira. Silinena kuti mwini munda akolole zonse, aike m'nkhokwe, kenaka akamva chisoni apatseko wosauka. Likunena kuti gawo lina la mundawo si lake n'komwe, ndipo wosaukayo alowe yekha akatenge, osapempha, osathokoza mogwada. Chaputala chomwecho chimaletsa kutemberera wosamva ndi kuika chopunthwitsa patsogolo pa wosaona. Nkhani ya Mefiboseti, mdzukulu wa Sauli amene anali wolumala miyendo yonse iwiri chifukwa mlezi wake anamugwetsa pothawa, imalalikidwa kawirikawiri m'mipingo yathu, ndipo alaliki amakonda mbali yoti Davide anamuitana kuti azidya pagome la mfumu. Mbali imene amaidumpha ndi yakuti Davide anamubwezeranso minda yonse ya agogo ake, n'kulamula Ziba ndi ana ake kuti azimulimira. Gome linali ulemu, koma minda inali cholowa chake, chimene chinali m'manja mwa ena. Ife timadziwa kuitanira anthu aulumali kugome, makamaka pa Khirisimasi, kamera ili pafupi. Kuwabwezera gawo lawo la dziko n'kumene kumativuta.

Wina anganene kuti chilungamo n'chakuti Amalawi onse alipire mofanana. Tiyeni tione ulendo wake. Mayi wa ku Kapelula amene amayenda pa njinga ya olumala akafuna kufika ku Lifupa, kumene kuli damu la mvuu m'kati mwa paki, ayenera kupeza kaye wa kabaza amene angavomere kumunyamula iye, ndi wachiwiri wonyamula njingayo. Pamsewu waukulu adikire minibasi imene kondakitala wake sangayang'ane kumbali atamuona, ndipo akakwera, njinga ija nthawi zambiri imawerengedwa ngati katundu wolipira payokha. Sangayende yekha, pafunika mwana kapena mchemwali womukweza ndi kumutsitsa, amenenso ayenera kulipiridwa ulendo ndi chakudya, atasiya ntchito yake kumunda. Pofika pachipata, mayiyu walipira kale kawiri kapena katatu pa zimene mnzake wa miyendo yabwino walipira. Akalowa, sakwera pathanthwe pomwe anzake akuonera dzuwa likulowa, sayenda nawo ulendo wapansi ndi msilikali wa gemu, ndipo chimbudzi chikakhala cha masitepe ndi khomo lopanikiza, tsiku lonse alimaliza osamwa madzi. Amalipira zambiri kuti afike, amalandira zochepa akafika. Kumulipiritsa chimodzimodzi pachipata kumaoneka kufanana pa risiti pokha.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi cha njala, ndipo sichiyenera kuchepetsedwa. Waulumali wa ku Kapelula akufuna feteleza, akufuna dzina lake lilowe mu Mtukula Pakhomo, akufuna ndodo zatsopano, ndipo wachialubino akufuna mafuta oteteza khungu ndi chitetezo usiku. Kumuuza za njovu, atero otsutsa, n'kuseka naye. Zosowa zimenezi n'zenizeni, ndipo palibe wanzeru amene anganene kuti chiphaso cha paki chilowe m'malo mwa thumba la chimanga. Koma m'chotsutsachi mwabisala ganizo lina limene sitiliona chifukwa tinalizolowera: lakuti munthu waulumali ndi mimba yofunika kudzazidwa ndi thupi lofunika kukonzedwa, basi. Mphunzitsi akatenga ana a sukulu kukaona nyama, palibe amene amafunsa ngati anawo adya mokwanira chaka chonse. Bwana akapita ku Liwonde ndi banja lake, palibe amene amamuuza kuti ndalamazo akanagulira feteleza. Funso loti kodi zimenezi n'zofunika limangodzuka pamene wofuna kupitayo ndi waulumali, ngati kuti kudabwa, kusangalala ndi kuona zachilendo ndi malipiro a amene amaliza kaye mavuto awo onse. Ngati ndi choncho, iye sadzapita konse, chifukwa vuto lake silidzatha.

Pa mfundo imeneyi buku la Yobu lili ndi yankho lodabwitsa. Yobu wataya ana ndi chuma, thupi lonse ndi zilonda, wakhala paphulusa akudzikanda ndi phale. Anzake atatu akumuumiriza kuti avomere tchimo limene labweretsa zonsezi. Iye akufuna Mulungu amufotokozere chifukwa chake. Mulungu atayankha, kuyambira chaputala 38 mpaka 41, safotokoza chifukwa chilichonse, ndipo pa nthawiyo sayamba n'kupoletsa zilonda. Amamuonetsa nyama zakuthengo: mkango ndi ana ake, khwangwala, mbuzi za m'mapiri zikuswa, bulu wam'tchire amene samva kukuwa kwa womuyendetsa, ng'ombe yam'tchire imene singamangidwe goli, nthiwatiwa imene imasiya mazira pamchenga ngati yopanda nzeru koma ikathamanga imasiya kavalo, ndipo pomaliza zilombo ziwiri zikuluzikulu zimene omasulira ambiri amati ndi mvuu ndi ng'ona. Pafupifupi zonsezi ndi nyama zimene sizimugwirira munthu ntchito. Sizikoka ngolo, sizikamidwa, sizipita ku msika. Zilipo chifukwa Mlengi anafuna kuti zikhalepo, ndipo amakondwera nazo. Kwa munthu amene anthu akumuyeza ndi zimene wataya ndi zimene sangathenso kuchita, uthenga wake ndi waukulu: phindu la cholengedwa silichokera pa ntchito imene chimagwirira ena. M'dera la fodya, kumene mwamuna amayezedwa ndi mabelo amene wadinda ndipo mkazi ndi mizere imene wapalira, ndani akusowa uthenga umenewu kuposa amene amamva anthu akunong'ona kuti ndi mtolo pakhomo? Manong'onong'o a anzake a Yobu sanathe. Mwana akabadwa ndi ulumali timamvabe kuti makolo anakhwima, kuti wina anamulodza, kuti mayi analakwira mwambo. Ophunzira a Yesu anafunsa funso lomwelo pa munthu wobadwa wosaona mu Yohane 9, ndipo Yesu anakana kuti panali tchimo la iye kapena la makolo ake. M'Chisilamu, sura yotchedwa Abasa imadzudzula Mtumiki mwini chifukwa chokwinya nkhope pamene munthu wosaona, Abdullah ibn Umm Maktum, anadza kudzafunsa za chipembedzo iye ali kalikiliki ndi akuluakulu a ku Makka. Wosaonayo sanabwere kudzapempha chakudya. Anabwera ndi njala ya mzimu, ndipo njala imeneyo inawerengedwa.

Achewa nawo sanaone nyama ngati ndiwo chabe. Nthano ya pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, imati anthu oyamba anatsika pamodzi ndi nyama ndipo ankakhala mwamtendere ndi Chauta, mpaka munthu anapeka moto, tchire n'kuyaka, nyama n'kuthawa zili ndi mkwiyo. Pabwalo la Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, zilombo zimabwerera pakati pa anthu: kasiyamaliro, ndipo pa mwambo waukulu, njovu. Mwana wa ku Kasungu amaidziwa njovu ya pabwalo asanaione ya m'tchire, amamva za kalulu ndi fisi asanaphunzire kuwerenga, ndipo ena mwa anzake m'kalasi dzina lawo la makolo ndi Njobvu. Chilankhulo chathu chadzaza ndi nyama zimene fodya, makala ndi kuchuluka kwa anthu zathamangitsira kuseri kwa mpanda. Paki ndi kumene kwatsala zimene miyambi yathu imanena. Katswiri wa filosofi wa ku America, Martha Nussbaum, polemba mndandanda wa zinthu zimene boma lachilungamo liyenera kuonetsetsa kuti munthu aliyense angathe kuchita, anaikapo kukhala pa ubale ndi nyama ndi zomera, ndiponso kusewera, pambali pa thanzi ndi maphunziro. Makolo athu sakanadabwa nazo.

Nanga wosaona akatani ku paki? Funsoli limafunsidwa moseka, ndipo limaulula kuti ife oona tinachepetsa nkhalango kukhala chithunzi. Ana a sukulu ya osaona ya Chilanga, ku Kasungu komweko, atafika m'mphepete mwa damu la Lifupa madzulo angamve mvuu ikufwenthera ndi kubangula, kulira kumene kumamveka m'chifuwa osati m'makutu mokha. Angamve nkhwazi. Angagwade n'kulowetsa manja onse awiri m'phazi la njovu louma m'matope, n'kuyeza kukula kwake ndi mikono yawo. Angapapase khungwa la mtengo umene njovu yakungudzapo, n'kununkhiza ndowe zake zodzaza ndi timitengo tosagayika. Angamve nkhalango ya miombo yopanda phokoso la chigayo. Ambiri a ife timabwerako ku paki ndi zithunzi m'foni osamvako chimodzi mwa zimenezi.

Za ndalama ziyenera kuyankhidwa mosabisa. Kusamala paki n'kodula. Njovu za ku Kasungu, zimene m'zaka za m'ma 1970 zinkaposa 1,000, zinatha ndi opha nyama mozemba mpaka kutsala pafupifupi 50 pofika 2015. Kuzibwezeretsa kunafuna asilikali a gemu, mafuta a galimoto, mpanda wa magetsi, ndiponso kusamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu July 2022, ntchito imene nthambi ya boma yoona za nyama zakuthengo inagwira pamodzi ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW. Woyang'anira paki akamva mawu oti ulere, mtima umamupweteka, ndipo n'zomveka. Komabe chipata chaulere chimangotaya ndalama ya munthu amene akanabwera n'kulipira. Amene sakanabwera konse sataya kanthu pobwera, ndipo akabwera ndi banja, enawo amalipira. Kulemera kwenikweni kwa paki sikunakhalepo pa tindalama ta nzika pachipata. Kuli pa boma, pa mabungwe othandiza ndi pa alendo akunja. Sindikufuna kutsamira kwambiri pa masamu amenewa, chifukwa ngakhale pakanakhala kutaya pang'ono, ngongole imabwezedwa ngakhale zikupweteka. Koma pali china chimene oyang'anira paki amachidziwa bwino: nkhalango imakhala ndi moyo ngati oyandikana nayo akuiona kuti ndi yawo. N'chifukwa chake kuyambira cha m'ma 1990 anthu ozungulira paki ya Kasungu analoledwa kulowa kukatola matondo ndi kupachika ming'oma ya njuchi, ndipo bungwe la KAWICCODA limaimira midzi pa gawo la phindu la paki. Zonsezi n'zabwino, koma taonani amene zimamufika. Kutola matondo kumafuna miyendo yoyenda mtunda wautali ndi maso akuthwa. Kupachika mng'oma kumafuna wokwera mumtengo. Njira zimene tinatsekula kuti anthu adyeko za m'nkhalango zinapangidwira amphamvu, ndipo waulumali anatsala panja kachiwiri popanda wina kufuna kutero.

Chotsutsa chimene chimandivuta kwambiri n'chakuti osauka ndi ambiri. Tenanti wa pa esiteti, amene amagwira chaka chonse n'kutuluka ndi ngongole ya chimanga chimene anadya, nayenso sangakwanitse ulendo wa ku Lifupa, ngakhale lamulo la 2021 linathetsa utenanti papepala. Bwanji iyeyo alipire, pomwe loya woyenda ndi ndodo wa ku Lilongwe alowa ulere? Mbali ina ya funsoli ndi yoona, ndipo yankho lake n'kukulitsa khomo osati kulitseka: midzi yozungulira paki ndi ana a sukulu akhale ndi masiku awo olowa ulere. Koma umphawi ndi ulumali wosatha sizofanana. Umphawi ungapepuke chaka chimene mvula yagwa bwino ndipo mitengo ya ku okushoni yakoma. Mwendo wodulidwa subwerera chaka chilichonse, ndipo mtengo wake umalipiridwa pa ulendo uliwonse, pa khomo lililonse, mpaka kumanda. Kawirikawiri ziwirizi zimakhala pa munthu mmodzi, china pamwamba pa chinzake. Za loya uja, n'zoona kuti angathe kulipira. Koma kuika mlonda pachipata kuti azifufuza matumba a anthu aulumali, kusiyanitsa wolemera ndi wosauka, kungawononge ndalama zambiri kuposa zimene kungapulumutse, ndipo kungabwezere wosaukayo pa ntchito imene tikufuna kumuchotsapo, yofotokoza umphawi wake kwa mlendo kuti amumvere chisoni.

Anthu aulumali eni ake ena sakondwa ndi mawu oti ulere, ndipo ayenera kumvedwa kuposa wina aliyense. Mabungwe amene ali pansi pa FEDOMA akhala akulimbana kwa zaka zambiri kuti anthu asiye kuwaona ngati opemphetsa, ndipo chilichonse chonunkha zachifundo chimawabwezera m'mbuyo. Apa zonse zagona pa kachitidwe kake. Ngati kulowa ulere kudalira mtima wa amene ali pachipata tsiku limenelo, kuti ayang'ane munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti lowani, ndakumverani chisoni, pamenepo ndi kupempha ndithu. Ngati munthu atulutsa chiphaso chake, chimene lamulo limachidziwa, mlonda n'kutsekula chipata osafunsa kanthu, ameneyo walowa ngati mwini. Chiphasocho chiyenera kuperekedwa kamodzi kokha, kudzera ku MACODA ndi chipatala cha boma, chilumikizidwe ndi chitupa cha unzika, kuti munthu asamakatsimikizire chaka ndi chaka kuti maso ake sanatsekukebe. Chiyeneranso kufikira ulumali wosaoneka ndi maso: kusamva, khunyu, ulumali wa m'maganizo. Achinyengo adzakhalapo, monga aliri pa makuponi ndi pa china chilichonse m'dziko muno. Sitinaleke kugawa feteleza chifukwa cha mavenda, ndipo wobera chiphaso kuti akaone mbawala waba zochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewo.

Pali chowawa china chimene sichingabisike polemba za Kasungu lero. Chisamutsireni njovu mu 2022, anthu aphedwa ndipo minda yawonongedwa m'midzi ya m'malire a paki, kuno ndi ku Zambia komwe, mpaka maloya a kampani ya Leigh Day ku London anayamba kuimira anthu khumi odandaula ndi IFAW, imene imakana kuti ndi yolakwa. Lamulo lathu la nyama zakuthengo, limene kuyambira 2017 lingathe kutsekera wopha njovu zaka zofika 30, silipereka chipukuta misozi kwa amene njovu yamuphera mbale. Pali anthu amene ulumali wawo unachokera ku nkhalango komweko: wopondedwa ndi njovu, wogundidwa ndi njati, wolumidwa ndi ng'ona pa Bua. Kupita kwa munthu wotere ndi chiphaso cha ulere chokha, chipukuta misozi palibe, kungakhale kumunyoza. Izi zikusonyeza kuti ngongole ndi yaikulu kuposa mtengo wa pachipata. Sizikusonyeza kuti palibe ngongole. Njovu zikalowa m'mudzi usiku, anthu amadzuka n'kumenya zitini, kuyatsa moto, kuthawira kumene angathe. Wosamva samva zitinizo. Wosayenda amatsala m'nyumba ya udzu imene muli thumba la chimanga limene njovuyo ikununkhiza. Pa mtengo umene midzi imalipira kuti dziko lisunge njovu, waulumali amasenza gawo lolemera kuposa la anzake, ndipo n'zosamveka kuti amene amaidziwa njovu ngati mantha a usiku azilipiranso kuti aione masana ikumwa madzi ndi ana ake.

Kutsekula chipata kokha sikufikitsa munthu ku Lifupa. M'nkhani ya pa Maliko 2, wofa ziwalo anafika kwa Yesu chifukwa amuna anayi anamunyamula pamphasa, ndipo atapeza khomo litadzaza anasasula denga. Nyumba inali yosalipiritsa, koma popanda anayiwo akanatsala kwawo. N'chifukwa chake womuthandiza ayenera kulowa pa chiphaso chomwecho, pakuti iye sanabwere kudzasangalala, wabwera ngati miyendo kapena maso a mnzake, ndipo kumulipiritsa n'kubwezera mtengo uja pakhomo lakuseri. Zotsalazo zili m'manja mwa anthu wamba. Mipingo ndi mizikiti ya ku Kapelula imapeza lole ya kwaya, ya amayi a Mvano ndi ya maliro. Ingathe kupeza ya ulendo umodzi pa chaka m'chilimwe, udzu utapsa, misewu itauma, nyama zikusonkhana kumadzi. Makalabu a zachilengedwe m'sukulu, amene bungwe la WESM lakhala likuwalimbikitsa kwa zaka zambiri, angathe kuleka kusiya mwana wa njinga m'kalasi tsiku la ulendo. Ku paki komweko pafunika chimbudzi chimodzi cha khomo lalikulu, kanjira kosalala kofika pamalo oonera damu, ndi wolondolera alendo mmodzi wodziwa chinenero cha manja. Paki ya Kasungu ili m'manja mwa boma, choncho unduna ungathe kulemba chiphasochi pa mndandanda wa mitengo ya pachipata. Nkhalango ya Nkhotakota, imene African Parks ikuiyendetsa kuyambira 2015 pamodzi ndi Liwonde, ndiponso Majete imene inaitenga mu 2003, zidzafuna kuti boma ndi bungwelo akhale pansi agwirizane, kuti chiphaso cha munthu wa ku Kapelula chigwire ntchito kaya walunjika kumadzulo kaya kum'mawa.